Kodi Nesterov anafuna kufa kapena mapulani anangolakwika?

Mphungu87:
Anzanga ndithandizeni. Ndakhala ndikuwerenga za Pyotr Nesterov, msilikali wa ku Russia uja anayamba kugudubuza ndege mumlengalenga mpaka mutu kuloza pansi nkubwerera pomwe anayambira. Chandibalalitsa ndi imfa yake. Pa 8 September 1914 anakagunda dala ndege ya ma Austria ndi ndege yake, onse nkufa, iye ali ndi zaka 27 zokha. Ndiye munthuyu anachita kudzipha kapena bwanji?

Achimwene_Zenizeni:
Kudzipha ayi, ine ndakana. Mukumbukire kuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali itangoyamba kumene ndipo ndege nthawi imeneyo zinalibe mfuti zomangirira, ntchito yake inali kuzonda basi, ukakumana ndi mdani mmwambamo mwina umangomuwombera ndi kapisito. Ndiye kandege ka ma Austria ka mtundu wa Albatros kamabwera kudzasuzumira asilikali a Russia kufupi ndi Zhovkva ku Galicia, Nesterov nkukwera ndege yake ya Morane-Saulnier kukakathamangitsa. Ambiri amati ankafuna kukamenya ndi mateyala kuchokera pamwamba kenako iye nkutera bwinobwino, koma anagunda mwamphamvu zedi. Komanso sanadzimange lamba, ndiye anachita kuponyedwa kunja. Mu Albatros muja munali anthu awiri, pailoti Franz Malina ndi Baron Rosenthal, onse anapita.

MaiNdege:
Komatu sanali wopupuluma ameneyu. Anabadwira ku Nizhny Novgorod mu 1887, anayamba ngati ofisala wa mizinga mpaka anakagwira ku Vladivostok, za ndegezi anadzaphunzira pambuyo. Nthawi imeneyo ma pailoti ambiri ankaopa kupendeketsa ndege pokhota, iye ankalimbikira kuti palibe choopsa bola udziwe zomwe ukuchita. Kugudubuza kuja anachita ku Kiev pa 9 September 1913 ndi ndege ya Nieuport IV, ndipo mabwana ake poyamba mmalo momuyamikira anamudzudzula ati waseweretsa katundu wa boma kkkk. Mfalansa uja Adolphe Pégoud anadzachita patapita masiku 12 ndipo kwa nthawi anthu ankaganiza kuti woyamba ndi iyeyo.

Mphungu87:
Eee koma mabwana! Nanga alipo anayesa kugunda choncho nkupulumuka?

Achimwene_Zenizeni:
Alipo, Alexander Kazakov, mu March 1915. Ameneyo ndiye anaganiza zodabwitsa, anamangirira nangula ku chingwe kuti akakole ndege ya ma German ngati akuwedza nsomba, chingwe nkusokonekera, basi anangoigunda ndi mateyala. Anatera ndege itaphwanyika koma iye wamoyo, kenako anadzakhala katswiri wamkulu wa Russia pa nkhondo imeneyo, ndege zokwana 20 zomwe anazigwetsa zinalembedwa. Ku Russia kugunda kotereku amati taran. Tauni ya Zhovkva ija inadzatchedwanso Nesterov nthawi ya Soviet mpaka 1992 pomwe Ukraine inabwezera dzina lakale.