Ndazolowera zinthu za Mulungu, ndithandizeni nzeru

Admin chonde mundibise dzina.

Abale ndi alongo, ndine mkulu wa mpingo ku CCAP, Sinodi ya Nkhoma, ndipo ndinakulira momwemo. Chikhulupiriro sindinataye, komanso musandimve ngati pali tchimo lomwe ndikubisa. Vuto langa ndi lakuti Mulungu sakundidabwitsanso. Abusa akangotchula vesi, ine ndadziwa kale komwe ulaliki ukathere. Tsiku la Mgonero ndimakhala nawo pokonza: kuduladula buledi, kuthira vinyo m'timakapu, kuwerenga ngati tikwanire. Pofika nthawi yoti nane ndilandire, maganizo amakhala ali pa benchi yakumbuyo, ngati mbale yafikako. Mwana wanga wa Sitandade 2 anandifunsa kuti Mulungu asanalenge dziko ankakhala kuti. Ndinamuyankha msangamsanga, iye n'kutsala chete akulingalira, ine mumtima muli zii. Zimenezi zikundiwawa. Anzanga ena akuti ndipite kwa aneneri ndikaone zozizwitsa. Inu amene mwakhalitsa m'chikhristu, mumatani kuti mtima uzizizwabe ndi Mulungu?

Mlongo wa ku Area 25: Bambo, anzanuwo sakunama. Bwerani ku overnight mudzaone Mulungu akugwira ntchito, odwala akuchira. Moto unazima umenewo, ukufunika kukolezera.

Mayi wa Chigwirizano: Mlongo wanga, pemphero la usiku ndi labwino, koma zozizwitsa nazo zimazoloweleka. Aisraeli anadya mana zaka 40, chakudya chogwa kumwamba m'mawa uliwonse kupatula pa Sabata. Werengani Numeri 21:5 mumve mmene anachinyozera. Bambowa akapita kukaona chozizwitsa lero, mawa adzafuna chachikulupo, kenako ayamba kuyendayenda m'mipingo.

Mbusa wopuma: Akulu a mpingo, zimene mukunenazi zimagwira kwambiri ife ogwira ziwiya za m'nyumba ya Mulungu, ndipo mwachita bwino kuzitulutsa. Taonani Marko 6. Anthu amene analephera kuzizwa ndi Yesu mpaka kukhulupirira anali a kwawo ku Nazarete. Ankadziwa ntchito yake ya umisiri, mayi ake, abale ake mayina onse. Kudziwako n'kumene kunawatseka maso, ndipo vesi 6 ikuti Yesuyo ndiye anazizwa ndi kusakhulupirira kwawo. Pa Luka 7 anazizwanso, koma ndi chikhulupiriro cha kenturiyo, mkulu wa asilikali, munthu wakunja amene anadziona wosayenera kuti Ambuye alowe m'nyumba mwake.

Langizo langa ndi ili: pa Mgonero ukubwerawu pemphani kuti musatumikire. Mukakhale pakati pa anthu, manja opanda kanthu, wina akupatsireni buledi. Munthu amene amangogawa nthawi zonse amaiwala kuti nayenso ndi wopemphetsa pa gome limenelo. Ndipo mwana akadzafunsanso, musathamangire yankho. Muuzeni kuti funsoli ndi lalikulu kuposa bambo ake, mukhale naye pansi mulingalire limodzi. Paulo yemwe, atalemba mitu 11 ya Aroma kufotokoza za chipulumutso, anathera pa vesi 33 kuvomereza kuti njira za Mulungu n'zosalondoleka.

Mphunzitsi wa sayansi, Mulanje: Ine chimandithandiza ndi kutuluka panja. Magetsi akazima usiku wopanda mwezi, makamaka miyezi yozizira ino, yang'anani Mlalang'amba. Choyera ngati utsi chija ndi nyenyezi mabiliyoni ambirimbiri, ndipo dzuwa lathuli ndi imodzi chabe mwa izo. Kuwala kwa dzuwa kumatenga mphindi 8 kuti kutifike, pomwe kwa nyenyezi yoyandikana nafe kwambiri, kupatula dzuwalo, kumatenga zaka zoposa 4. Mukatero mukawerenge Yobu 38 mpaka 41. Yobu ankafuna mayankho, Mulungu anamupatsa mafunso okhaokha: za mvula, za nyenyezi, za nthawi yomwe nyama zakutchire zimaswa. Tengani mwanayo, adzakuthandizani kuona. Kuno Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, ndi mamita 3,002, koma ambiri obadwira m'munsi mwake sakweza n'komwe maso.

Mlongo wa Katolika: Kwathu timakhala chete pamaso pa Ukaristia, ola lathunthu, osapempha kanthu. Inu yesani kulowa m'tchalitchi mwanu mkati mwa sabata mulibe anthu. Chinanso, ngati munakulira pa Buku Lopatulika la 1922 lija, tengani Buku Loyera lomwe linatuluka mu 1998. Mavesi amene mumaloweza akabwera m'Chichewa china, mumakakamizika kuima n'kumvetsera.

Mayi wa ku Chilobwe: Pepani ndilankhuleko mosiyana pang'ono. Nyenyezi n'zokongola, koma ine Mulungu anandizizwitsa m'matope. Namondwe wa Freddy atagwetsa madzi ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche mu Marichi 2023, tinagona m'kalasi ndi anthu osawadziwa. Gogo wina amene anataya ana ndi zidzukulu ankadzuka m'bandakucha n'kumayamika Mulungu motsitsa mawu, bulangete lake atafunditsa mwana wa eni. Mpaka lero sindimvetsa chifukwa chake ena anapita ife n'kutsala, ndipo sindilola munthu kundifotokozera mophweka. Bambo, pitani kuchipatala kapena kundende, osati kukalalikira ayi. Mukafunse anthu mmene Mulungu akuwagwirizira, inu muzingomva.

Wofunsa: Zikomo nonse, makamaka mayi a ku Chilobwe, mawu anu andikhudza. Abusa, zokhala pansi pa Mgonerozo ndazimva, koma mukudziwa mmene anthu athu alili. Mkulu wa mpingo akapanda kuoneka kutsogolo, mawa lake mbiri ili ponseponse kuti waimitsidwa. Ndipange bwanji?

Mbusa wopuma: Kaonaneni ndi abusa anu panokha Mgonero usanafike, muwauze zomwe mwalemba panozi. Akulu a mpingo alipo angapo, angathe kukonza zoti muzisinthana, aliyense azikhalako pansi ulendo wina. Zikatero palibe adzaloze inu chala, ndipo ndikukhulupirira kuti pa bwalo lanulo pali enanso amene akufunika mpata womwewo. Mukakhale pafupi ndi amayi a kunyumba, anthu aone kuti mukulandira.