Kodi "die Stillen im Lande" ndi kufatsa kapena mantha?

Namwino wophunzira ku Neuwied:
Abale ndi alongo, ndithandizeni. Kuno ku Germany ndimagona m'nyumba ya agogo ena a mpingo wa Mennonite. Lamulungu tikumwa tiyi ndinawafunsa chifukwa chake mpingo wawo sumveka, chonsecho uli ndi zaka 500. Anangoseka n'kunena kuti, "Wir sind die Stillen im Lande." Mawuwo paokha ndawamva, akuti ndife anthu achete m'dziko. Koma chete wake uti? Kufatsa, kudekha, kapena mantha? Ndinachita manyazi kuwafunsitsa.

Abusa opuma:
Mwanawe, mawuwa sanawapeke okha. Ali pa Salimo 35:20 m'Baibulo la Chijeremani lomwe anamasulira Martin Luther. Pamenepo wamasalimo akudandaula kuti adani sakamba zamtendere, akukonzera chiwembu anthu okhala phee m'dziko. Ndiye achetewo ndi anthu osalakwa amene ena akuwatchera msampha. Ine ndingati "odekha".

Mphunzitsi wa mbiri:
Abusa, vesilo ndi lomwelo, koma "odekha" akubisa zambiri. Anthuwa poyamba anali aphokoso zedi. Pa 21 Januwale 1525 ku Zürich, m'dziko la Switzerland, Conrad Grebel anabatiza George Blaurock, munthu wamkulu amene anabatizidwa kale ali khanda, ndipo Blaurock anabatiza anzake. Ankati ubatizo ndi wa munthu wokhulupirira yekha. Blaurock yemweyo anafika poimitsa mlaliki m'tchalitchi ku Zollikon kuti alalikire iyeyo. Adani awo anawatcha Wiedertäufer, obatizanso.

Zotsatira zake zinali zoopsa. Felix Manz anamizidwa mumtsinje wa Limmat mu 1527. Chaka chomwecho Michael Sattler anatenthedwa ku Rottenburg, mkazi wake n'kumizidwa. Mu 1529 msonkhano wa akalonga ku Speyer unalamula kuti wobatizanso aliyense aphedwe, ndipo Akatolika ndi Achilutera anagwirizana pamenepo. Kenaka kunabwera chisokonezo cha ku Münster mu 1534 ndi 1535, pomwe gulu lina la obatizanso linalanda mzinda, Jan van Leiden n'kudzilonga ufumu n'kulola mitala. Mzindawo utagwa, mitembo ya atsogoleri atatu inaikidwa m'zikwere zachitsulo pansanja ya tchalitchi cha St. Lamberti. Zikwerezo zikulendewerabe mpaka lero, achemwali mukapite mukadzionere. Kuchokera apo aliyense wobatiza akuluakulu ankaonedwa ngati chigawenga. Menno Simons, wansembe wa ku Friesland amene anatuluka Chikatolika mu 1536, anasonkhanitsa otsala okana lupanga, ndipo dzina la mpingo linachokera kwa iye.

Achimwene a ku Joni:
Ndiye bwanji tikuzungulira? Amenewo ndi mantha basi. Anawakwapula, anakhala chete.

Mphunzitsi wa mbiri:
Dikirani achimwene, pali mbali ya malonda. Nkhondo ya zaka 30 itatha mu 1648, minda ya ku Pfalz, dera lina la ku Germany, inali itasanduka tchire. Mu 1664 kalonga Karl Ludwig analola Amennonite kukhala kumeneko popeza anali alimi odziwa ntchito, koma anawaikira malire: asamakope anthu a mipingo ina, azipemphera m'timagulu ting'onoting'ono, azilipira msonkho wapadera. Cheteyo ndiye anali mtengo wa munda. Ganizirani mkamwini pamudzi pa eni ake. Amalima kuposa onse, nkhokwe zimadzaza, koma pabwalo salankhula. Simungamutche wamantha, komanso simungati mtima wake uli mbee.

Mayi a mpingo wa Abale mwa Khristu:
Bambo aphunzitsi, zamunda ndavomera, koma musaiwale chikhulupiriro. Ife a Brethren in Christ ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe tinachokera ku tsinde lomwelo la Anabaptist, obatizanso aja. Chikalata cha chikhulupiriro chawo cha ku Schleitheim cha 1527 chinakana lupanga ndi kulumbira kale Münster asanachitike. Munthu wamantha amalumbira msanga kuti apulumuke. Awa ankakana kulumbira akudziwa kuti moto ukuwadikira. Mawu ena amene amawakonda ndi Gelassenheit. Mjeremani wa lero akatero amangotanthauza kusatekeseka, koma kwa makolo aja kunali kuleka zofuna zako n'kudzipereka m'manja mwa Mulungu.

Mphunzitsi wa mbiri:
Zoona mayi. Komabe tisawayeretse mopitirira. Pofika nthawi ya Hitler, Amennonite ambiri a ku Germany anali atasiya kale kukana usilikali. Ambiri analandira boma la Nazi, anyamata awo analowa nkhondo, ndipo pamene Ayuda ankatengedwa mpingo sunatulutse mawu. Chete ameneyu ndi wina, ndipo olemba mbiri a mpingo womwewo masiku ano amaulula poyera. N'chifukwa chake achinyamata ena sakondwa nalo dzina la achete m'dzikoli.

Abusa opuma:
Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndiwonjezere chimodzi chokha: mu 2010 ku Stuttgart, bungwe la mipingo ya Chilutera padziko lonse linapepesa kwa Amennonite chifukwa cha mazunzo aja a m'zaka za m'ma 1500.

Namwino wophunzira ku Neuwied:
Zikomo nonse. Ndinalimba mtima dzulo, ndinawafunsanso agogo. Kani iwo sanabadwire kuno. Makolo awo anali m'midzi ya Amennonite ku Ukraine, boma la Stalin linawathamangitsira ku Kazakhstan nthawi ya nkhondo, ndipo kuno anabwera ali akuluakulu kale. Akuti ali mtsikana ankapemphera m'nyumba za anthu makatani atatseka, nyimbo n'kumaimba motsitsa mawu kuti oyandikana nawo asakanene. Ndinawauza mawu athu atatu aja, ofatsa, odekha, amantha, n'kuwamasulira limodzilimodzi. Anaganiza kanthawi n'kuti onse atatu anawaonapo m'banja mwawo.

Abusa, pepani, m'kope mwanga ndalemba "okhala phee". Lamulungu likubwerali akuti ndipite nawo kutchalitchi ndikamve mmene amaimbira tsopano.