Mwana wanga akufuna kuyendetsa quad bike ya alamu anga, ndimulole?

Membala wosadziwika:
Moni nonse pagulu pano. A admin chonde musachotse, ndikudziwa kuti ndalemba zambiri koma mutu wanga sukugwira. Alamu anga, achimwene awo a bambo a kunyumba, agula njinga yamoto ya mawilo anayi ija ena amati quad bike, ena ATV. Akuti ndi yoyendera pa famu pawo. Tchuthi chikubwerachi ana akukakhala kumeneko sabata ziwiri, ndiye mwana wanga wamwamuna sakugonanso, nkhani ndi yomweyo kuyambira m'mawa mpaka usiku. Alamuwo anamulonjeza pa foni kuti akamupatsa aziyendetsa yekha, osandifunsa ine mayi wake. Ndi khalidwe lawo limenelo. Chaka chatha anamumeta mwanayu mpala osandiuza. Ndalama imene tinawabwereka galimoto yawo itawonongeka mpaka lero sinabwere, koma ya quad bike yapezeka. Ndikati ndiyankhule, apongozi amati ndimadzimva. Bambo a kunyumba nawo akuti ndikufuna mwana akule wamantha ngati ine. Ine wamantha? Amene anathamanga naye kuchipatala usiku atagwa mumtengo n'kuthyoka dzanja ndi ndani? Iwo anali pa mpira. Mwanayu ndi wochenjera, njinga yopalasa anaidziwa tsiku limodzi, koma ali ndi phuma ndipo akasangalala samva. Akutinso mlongo wake azikakhala kumbuyo. Ndimulole kapena ndikane? Ndikakana ndiyambira pati poti onse ali mbali imodzi?

Mphunzitsi Wopuma:
Mayi, za mpala tamva, za ngongole tamva, za apongozi tamva. Mwanayo ali ndi zaka zingati?

Makaniko wa Tiinjini:
Ndipo njingayo ndi ya ma cc angati, ndiye kuti injini yake ndi yaikulu bwanji? Popanda ziwirizi tingoyankhula zam'mutu.

Mfumu ya Fumbi:
ANTHU INU MUSAWAOPSEZE MAYIWA. Ine ndakwera ma quad kuyambira ndili mnyamata, m'matope, mumchenga, m'mapiri, ndipo ndili pano ndi mano onse. Ana anga atatu onse anaphunzira pa yanga yaikulu. Chinthu chili ndi mawilo anayi, chimaima chokha, si njinga ya mawilo awiri yoti ukatsetsereka wagwa. Akulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Musiyeni akwere, akagwa kamodzi adziwa ulemu wake.

Namwino wa Usiku:
Achimwene, nyanga ya nsatsi siilemera makilogalamu 300. Quad ya akuluakulu yogwirira ntchito pa famu imafika pamenepo, zina kuposa. Ikagubuduka siimutaya mwana patali ayi, kawirikawiri imamugwera n'kumupsinja pachifuwa. Mwana wa makilogalamu 30 sangaichotse yekha, ndipo ngati palibe wamkulu pafupi amabanika ali pompo, mwina popanda bala lililonse looneka. Kwinako ndi kuvulala m'mutu ndi m'khosi. Bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics limanena kuti mwana wosafika zaka 16 asayendetse ATV, ndipo asakwezedwenso ngati pasinjala. Awo ndi madokotala amene amalandira anawo, osati ife a pa Facebook.

Mfumu ya Fumbi:
A ku America amaopa kusumiridwa, ndi chifukwa chake amalemba chenjezo ngakhale pa ndowa. Nkhani ndi LUSO. Quad siuyendetsa utangokhala phee ngati pa sofa. Pokhota umapendeketsa thupi mkati mwa kona, pokwera mtunda umaweramira kutsogolo, potsika umabwerera kumbuyo. Ukamuphunzitsa mwana zimenezi watha.

Makaniko wa Tiinjini:
Bwana, mwadzigwetsa nokha pamenepo. Zoona, quad imawongoleredwa ndi thupi. Inu mukapendekeka njinga imamva chifukwa ndinu wolemera. Kamwana kakapendekeka pa chinthu cholemera kakhumi kuposa iko, njinga siidziwa n'komwe kuti pali munthu. Luso angakhale nalo, koma thupi loti aligwiritse ntchito alibe.

Mayi, auzeni alamuwo ajambule chomata chomwe chili pa pulasitiki pafupi ndi mpando, pamalembedwa zaka. Za ana zimalembedwa Y-6+, Y-10+ kapena Y-12+, kutanthauza kuyambira zaka 6, 10 kapena 12. Pali ina ya T, kuyambira zaka 14. Ya akuluakulu imakhala ndi chizindikiro choletsa aliyense wosafika 16. Kale tinkawerengera pa injini: yosafika 70cc ya ana a zaka 6 mpaka 11, kuyambira 70cc mpaka 90cc ya zaka 12 mpaka 15, yoposa 90cc kuyambira 16. Ya Y-6+ imatuluka ku fakitale itatsekeredwa pa liwiro la makilomita 16 pa ola, ndipo ngakhale mutaimasula siidutsa 24. Ya akuluakulu imathamanga ngati galimoto.

Mayi Wolimba Mtima:
Ine ndiye ndikuona kuti nonse mwaphonya. Vuto si njinga, vuto ndi bambo a kunyumbawo. Mwamuna amene amalola m'bale wake kulamula pa ana ako, mawa adzalola zina. Ine wanga anayamba choncho, lero tikuonana kukhoti. Achemwali, khalani pansi ndi mwamunayo, za ma cc zibwera pambuyo.

Wanthabwala:
Mugulireni wilibala, nayonso ili ndi tayala ndipo siidya mafuta. Mlongo wakeyo azikwera, iye azikankha. Tchuthi chatha.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndikufunsanso. Zaka?

Azakhali a Mapasa:
Nkhaniyi yandikumbutsa zowawa. Mwana wa mng'ono wanga anakwezedwa kumbuyo ndi msuweni wake, ulendo waufupi, kungopita kukaona ng'ombe. Pokwera kamtunda kakang'ono kutsogolo kunadzuka, onse awiri chagada, njinga pamwamba. Mtsikanayo anathyoka fupa la paphewa, mnyamatayo anasokedwa pachibwano. Mwayi unali woti panali munthu akulima chapafupi. Kuchipatala tinakhala pa benchi kuyambira masana mpaka mdima, mwana akulira, ndiye bambo ake atafika m'malo mofunsa za mwana anayamba kundikalipira ine, pomwe ine ndinali kukhitchini sindinaone n'komwe akunyamuka. Mpaka lero sitiyankhulana bwino. Chaka chino pa ukwati wa mwana wawo wamkulu anandiika tebulo la kumapeto. Basi zimenezo.

Makaniko wa Tiinjini:
Pepani azakhali. Anthu amaona mpando wautali n'kumati ndi wa anthu awiri. Ayi, utaliwo ndi woti woyendetsa azisuntha kutsogolo ndi kumbuyo. Mukakhazikapo wina, kulemera kumapita kumbuyo ndipo woyendetsa alibenso poti asunthire, ndiye pa mtunda imadzuka monga mwafotokozeramu. Zilipo zopangidwira anthu awiri, ndi zazitali ndipo zili ndi mpando wachiwiri ndi zogwirira zake, koma nazonso si zoti mwana azinyamulirapo mwana mnzake. Za mlongo wake kumbuyo zija, mayi, kanani lero lomwe.

Mfumu ya Fumbi:
Ngozi zili paliponse. Anthu amagwa m'bafa. Tiletse kusamba? Ana a masiku ano akungokhala m'nyumba ndi foni, mimba kutsogolo, sadziwa ngakhale kusintha tayala. Mwana akufuna kutuluka panja, inu mukumubwezera pa TikTok. INE SINDIGWIRIZANA NAZO.

Bambo Wodana ndi Mafoni:
Apa mwanena zoona bwana. Ine kwanga foni ndinaletsa, TV ola limodzi. Aphunzitsi okha akudabwa mmene ana anga akukhozera. Mafoni ndi amene akuwononga m'badwo uno, osati njinga.

Namwino wa Usiku:
Palibe wanena kuti mwana atsekeredwe m'nyumba. Pakati pa foni ndi makina a makilogalamu 300 pali zinthu zambiri zoti mwana angachite pa famu.

Mlimi wa ku Queensland:
Ndimagwira ntchito pa famu ya ng'ombe kuno ku Australia. Kuno quad ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimapha anthu kwambiri m'mafamu, ndipo ambiri ndi akuluakulu odziwa kuyendetsa, akuyenda pang'onopang'ono pamalo opendekeka. Ndi chifukwa chake kuyambira Okutobala 2021 quad yatsopano yogwirira ntchito siigulitsidwa popanda chitsulo chija chimaima kumbuyo kwa mpando, choti ikagubuduka pakhale mpata munthu asapsinjike. Makampani ena monga Honda ndi Yamaha anasankha kusiya kugulitsa ma quad amenewa kuno m'malo moika chitsulocho. A Mfumu ya Fumbi, zoti mawilo anayi sagwa musamauze anthu. Ndi yaitali, yopapatiza, kulemera kwake kuli m'mwamba. Dzenje limodzi lobisika mu udzu likwanira.

Mfumu ya Fumbi:
Chitsulo chimenecho chimakola m'nthambi. Ndipo ngati Honda anakana ndiye kuti akudziwa kanthu. Inu simunakwerepo za mawilo atatu zakale zija, ZIMENE ZIJA ndiye zinali zoopsa. Za masiku ano ndi zidole.

Mlimi wa ku Queensland:
Za mawilo atatu anasiya kuzigulitsa ku America mu 1988 chifukwa cha imfa zambiri, ana ali m'gulu. Nthawi imeneyonso analipo anthu onena kuti nkhani ndi luso.

Wogulitsa Zisoti:
Zisoti za ana masaizi onse zilipo, mitundu yokongola, inbox.

Namwino wa Usiku:
Poti mwatchula zisoti: cha njinga yopalasa sichikwanira. Pafunika cha njinga yamoto, chophimba ndi chibwano chomwe, chokhala ndi chizindikiro cha DOT kapena ECE chosonyeza kuti chinayesedwa kulimba, chomukwana mwanayo osati cha amalume ake chogwedera, ndipo lamba amangidwe. Magalasi oteteza maso, magolovesi, nsapato zophimba akakolo, buluku ndi malaya a manja aatali. Koma chisoti chimateteza mutu basi, chifuwa ayi. Ndipo mwana akagwa n'kumenyetsa mutu, ngakhale adzuke akuseka, akayamba kusanza, kusinza kosadziwika bwino, kulankhula zosokonekera kapena mutu kumuwawa mowonjezereka, thamangani naye. Akadandaula khosi kapena msana musamunyamule mwachisawawa.

Mayi Wolimba Mtima:
Zonsezo adzagula ndani, poti ngongole yomwe sanabweze?

Membala wosadziwika:
Zikomo nonse, ndawerenga ngakhale ena mwandilasa. Amene mukuti ndikhale pansi ndi bambo a kunyumba, ndinayesa dzulo, anangoti tikambirana, n'kutsegula TV. Ndaimbira alamu kuti ajambule chomata chija, akuti ine ndayamba liti kudziwa za injini, ndipo apongozi amva kale kuti ndawaika pa intaneti pomwe sindinatchule dzina la munthu. Njingayo ndinaiona pa chithunzi, ndi yofiira, ili ndi zitsulo zonyamulira katundu kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo alamu amakokera kangolo ka manyowa. Akuti mwana azingoyenda pa msewu wa tala wopita ku geti chifukwa ndi wosalala, osati kumunda. Mwanayu ndi wamtali kuposa anzake onse m'kalasi mwake, anthu amadabwa ndikawauza zaka zake.

Mphunzitsi Wopuma:
Tidabwitseni nafenso mayi. Zaka zake ndi zingati?

Makaniko wa Tiinjini:
Ngati ikukoka ngolo ndiye ya akuluakulu imeneyo, palibenso chofunsa. Ndipo pa tala ndiye poipitsitsa. Matayala ake ndi ofewa, mpweya wake ndi ma psi 5 kapena cha pamenepo pomwe a galimoto amafuna cha m'ma 30, anapangidwira dothi. Zambiri mawilo akumbuyo ali pa chitsulo chimodzi, amazungulira mofanana, ndiye pokhota limodzi liyenera kutsetsereka pang'ono. Pa dothi limatsetsereka. Pa tala limagwira, njinga n'kupidiguka. Ndipo pa msewu pamadutsa galimoto.

Ngati m'banjamo mwatsimikiza kuti akwere, ipezeke yaing'ono ya msinkhu wake. Pafupi ndi kachitsulo kopondereza ndi chala chachikulu kuti njinga ithamange pali screw yochepetsera liwiro, imangidwe. Muyeseni: aime pa zopondera, pakati pa mpando ndi thupi lake patsale mpata wa masentimita 7 kapena 8, akhotetse chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse osasiya kugwira, zala zifike pa buleki n'kuifinya bwinobwino. Chikalephereka chimodzi, sanafike. Masana okha, pamalo athyathyathya, wamkulu ali pomwepo maso ali pa iye. Ndipo kiyi wa yaikuluyo asamasiyidwe pa njinga, ana amadikira akulu agone tulo ta masana.

Mfumu ya Fumbi:
Screw imeneyo wanga wachiwiri anaimasula yekha ndi mpeni wa kukhitchini, hahaha. Mwana wamwamuna ndi choncho. Lero ndi dalaivala wa mathiraki. A makaniko, inu ma quad mumangowakonza, ife timawakwera. Ndipo ma psi 5 ndi ochepa, ine ndimaika 8.

Makaniko wa Tiinjini:
Ndi chifukwa chake ndimawakonza.

Mfumu ya Fumbi:
Dikirani ndipeze chithunzi cha mu 2009 ndili pamwamba pa phiri, muone ngati munthu wotsatira zomata angafike pamenepo.

Azakhali a Mapasa:
Mayi a mwana, mukakana kanani pa gulu la banja polemba, kuti mawa asadzati simunanene. Ine ndikanadziwa.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndadikira kuyambira m'mawa. A membala wosadziwika, nambala yokha basi, ngakhale ku inbox.