Bambo wa nyamakazi ali pa methotrexate, akufunsa za mowa: timuyankhe chiyani?

Clinical officer: Akuluakulu, mwaswera bwanji? Ndili ndi bambo wa zaka za m'ma 50, nyamakazi ya rheumatoid. Kuchipatala chachikulu anamuyambitsa methotrexate, mapilitsi 6 a 2.5 mg kamodzi pa sabata, folic acid ndi prednisolone 5 mg. Manja aphwa, wayambanso kugwira khasu. Lero wandifunsa mosabisa: "Adokotala, mankhwalawa ndimamwa Lachiwiri. Loweruka ndingalaweko kamowa?" Waululanso kuti mwezi watha kunali chinkhoswe, ndiye sabata imeneyo sanamwe mankhwala poopa kusakaniza. Ndimuletseretu, kapena pali mlingo?

Wa ku famase: Achimwene, muyambe ndi kumuchotsa maganizo a masikuwo. Odwala ambiri amayesa kuti choopsa ndi mowa kukumana ndi pilitsi m'mimba. Si choncho. Methotrexate yambiri imatuluka msanga ndi mkodzo, koma ina imatsalira m'maselo a chiwindi kwa masabata. Mowa wa Loweruka umaipeza ikadali momwemo. Kudumpha mlingo nakonso sikuteteza chiwindi, kumangodzutsa nyamakazi.

Namwino wa ku OPD: Ine ndagwira mawu oti "kamowa". Mwamufunsa kuti ndi kati? Kuno munthu akati kamowa, mwina ndi botolo limodzi la Green, mwina ndi kachasu wa tsiku lonse. Bwana, mufunseni modekha, mayi akunyumba asali pomwepo. Mukakalipa adzangoti "ndasiya", mwezi wamawa mudzamuona maso ali achikasu.

Dokotala, Manchester ku UK: Kuno timawauza kuti asafike mayuniti 14 pa sabata, ndipo asamwere tsiku limodzi. Yuniti imodzi ndi 10 ml ya mowa weniweni, choncho botolo la 330 ml la 5% lili ndi yuniti imodzi ndi theka, kupitirira pang'ono. Koma anzanga, musatenge nambalayi yokha. Timalola chifukwa timayeza ALT (yoonetsa m'mene chiwindi chilili) ndi full blood count (kuwerenga maselo a magazi) masabata awiri aliwonse poyamba, kenako mwezi ndi mwezi, zikakhazikika miyezi itatu iliyonse. Chiwindi chikayamba kudandaula timaona msanga. Ndipo kachasu mungamuwerenge bwanji mayuniti? Mphamvu yake imasiyana malinga ndi wotcheza.

Clinical officer: Apo ndiye mwakhudza pachilonda. Kwathu kuno mareagent a LFT (zoyezera chiwindi) anatha, ALT yomaliza ndi ya miyezi isanu yapitayo, inali bwino.

Dokotala wamkulu, wopuma: Mwana wanga, ukufunsa za mowa, koma ine pali ziwiri zikundisowetsa mtendere. Choyamba, hepatitis B (kachilombo kogwira chiwindi) munamuyeza? M'dziko muno ilipo yambiri, ndipo wodwala sadziwa kuti ali nayo. Ukamufooketsa chitetezo ndi methotrexate komanso prednisolone, kachilomboko kamatha kudzuka. Akakhala nako, za mlingo wa mowa tisakambe n'komwe. Chachiwiri ndi bactrim. Timaipereka ngati mtedza, kwa a chifuwa, kwa otsegula m'mimba, ndipo ambiri amene ali pa ma ARV amamwa tsiku lililonse. Bactrim ndi methotrexate zonse zimatsekereza folate, vitamini yofunika popanga magazi. Zikakumana, mafuta a m'mafupa amaleka kupanga magazi: zilonda m'kamwa, kutentha thupi, kukha magazi. Ndinaonapo mayi wotere, sindifuna kudzaonanso. Lemba ndi zilembo zazikulu pachikuto cha buku lake lachipatala kuti asapatsidwe bactrim.

Wa ku famase: Onjezani kuti methotrexate ndi KAMODZI PA SABATA. Ndipo folic acid amwe tsiku lina, osati Lachiwiri lomwelo.

Clinical officer: Ndabweranso, bambo aja abwera lero. Asisi munanena zoona: ndi chibuku mapaketi awiri kapena atatu Loweruka, pakakhala mwambo amaonjezera kachasu. HBsAg (chizindikiro cha hepatitis B m'magazi) ndi HIV zonse alibe. Bactrim sanamwepo. Koma ndapeza china: m'mawa mwake mutu ukamawawa amagula diclofenac pagolosale, mapilitsi awiri, asanadye kanthu.

Dokotala wamkulu, wopuma: Mowa, prednisolone ndi diclofenac m'mimba yopanda kanthu, ameneyo akuitana zilonda za m'mimba. Komanso diclofenac pa munthu amene thupi lauma ndi matsire imachedwetsa impso kutulutsa methotrexate. Diclofenac ameneyo asiye lero.

Clinical officer: Tagwirizana chonchi: kachasu ndi diclofenac wogula yekha asiyiretu, ndipo asamwe mowa uliwonse mpaka titaona ALT ndi creatinine (yoonetsa m'mene impso zikugwirira ntchito). Magazi ndatumiza ndi ambulansi ya Lachinayi. Zikatuluka bwino tikambirana za paketi imodzi pa mwambo, osadumpha mankhwala. Wati ngati magazi aipa asankha khasu, mowa ausiya.

Namwino wa ku OPD: Mumuuzenso kuti akaona zilonda m'kamwa, maso achikasu, chimbudzi chakuda kapena kubanika, asadikire tsiku lake. Abwere ngakhale usiku, buku lili m'manja.