Kodi mankhwala a nsengwa amapoletsadi bala?

Abale, ndithandizeni nzeru, makamaka inu anamwino ndi madokotala. Mayi anga ali ndi shuga, ndipo bala lapachidendene lakana kupola. Limauma m'mbali koma pakati limangochucha, tikamasula bandeji limatulukanso magazi. Wina watiuza za mankhwala opaka opangidwa kuchokera ku nsengwa, ija imatuluka mwana akangobadwa.

Poyamba ndinanyansidwa nazo, koma nkhaniyi si ya lero. Ku China nsengwa youmitsa amaitcha ziheche ndipo akhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka mazanamazana. Dokotala wa maso Vladimir Filatov wa mumzinda wa Odessa ku Ukraine anaiyesanso m'ma 1930, ndipo ku India amagulitsa jelo wotchedwa Placentrex wopaka pa zilonda. Nsengwa ili ndi mapuloteni othandiza magazi kuundana komanso khungu kumera, ndiye nzeru yake ikumveka.

Chikundiopsa n'chakuti nsengwa imadzaza magazi. Ngati mwini wake anali ndi HIV kapena matenda a chiwindi a hepatitis B, kachilomboko sikangalowere pabala lotseguka? Ya m'chubu mwina imayezedwa ku fakitale, koma youmitsa pakhomo ayi ndithu, sindingayerekeze.

Ndiye funso langa nali: alipo amene anaonapo jelo wotereyu akugwira ntchito pa bala la munthu wa shuga? Amapaka bala likadatuluka magazi, kapena amayamba aletsa magaziwo pofinya ndi nsalu yoyera? Nanga tingamupake limodzi ndi mankhwala amene anatipatsa kuchipatala, kapena zimatsutsana?