Ndithandizeni, ndimakhululuka pakamwa pokha

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa mtendere.

Ndakhala pabanja zaka 6, koma ndili ndi mtima wosunga mangawa. Amuna anga akandilakwira, ngakhale apepese, ndimangoti "zatha" pakamwa pokha. Tikadzasemphananso ndimafukula zakale zonse, mpaka mawu amene anandinena chaka chatha pamaso pa alongo awo. Dzulo sanandiyankhe n'komwe, anangotuluka n'kukakhala panja mpaka usiku. Zinandiwawa, poti wolakwa ndinali ine.

Ndayesa kupemphera ndi kusala kudya. Tinapitanso kwa abusa, anatiwerengera 1 Akorinto 13:5, pamene pamati chikondi sichisunga zolakwa za mnzako, ndi Aefeso 4:26, kuti dzuwa lisalowe tili chikwiyire. Mavesiwo ndimawadziwa pamtima, koma mtima ukangowira sindiwakumbukiranso. Ndayesa kungokhala chete, koma mapeto ake ndimanyanyala masiku atatu osawalankhula, omwenso ndi mangawa omwewo basi.

Inu amene munadutsamo, munatani kuti chikhululukiro chifike mumtima? Nanga panthawi imene zakalezo zafika pamlomo, mumadzigwira bwanji? Chonde ndithandizeni.