Kodi bokosi la mchenga lingatiphunzitse za mitsinje yeniyeni?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndawerenga kuti akatswiri amadzaza mchenga ndi dongo m'bokosi lalikulu m'labotale, n'kumagwetsamo mvula yochita kupanga, kuti aone mmene mtsinje ndi timitsinje tothira mwa iwo timakumbira chigwa. Chondivuta n'chakuti chigwa chenicheni chimaumbika pa zaka mamiliyoni, pomwe cha m'bokosi chimaumbika m'masiku ochepa. Kodi zotsatira zake n'zodalirika?

Mphunzitsi wa jogalafe:
Mwafunsa bwino. Ine ndimazidalira chifukwa zinaulula zinthu zimene palibe akanaziona ndi maso kumtsinje. M'zaka za m'ma 1970, Stanley Schumm ndi R. S. Parker a ku Colorado State University anagwiritsa ntchito bokosi la mamita pafupifupi 9 m'lifupi ndi 15 m'litali. Atatsitsa potulukira madzi kamodzi kokha, mtsinje unakumba pansi, ndipo kukumbako kunakwera chakumtunda mpaka m'timitsinje. Dothi lochokera kumeneko linadzakwirira kumunsi, kenaka litachepa, mtsinje unayambanso kukumba. M'mbali mwake munatsala masitepe angapo. Choncho munthu akaona masitepe otere m'chigwa, asafulumire kunena kuti nyengo inasintha kangapo, pakuti kusintha kumodzi kungathe kuwabala onsewo.

Wofufuza za madzi:
Ndikuvomereza, aphunzitsi, koma wofunsayu tisamubisire malire ake. M'bokosi madzi amakhala osaya kwambiri, malo amatsetsereka kuposa mapiri enieni, ndipo mulibe mitengo kapena miyala yolimba mosiyanasiyana. Ngakhale dontho la mvula limakhala lalikulu poyerekeza ndi kaphiri ka m'bokosi, n'chifukwa chake ku Rennes, m'dziko la France, amapopera madzi ngati nkhungu pa ufa wa silika, womwe uli ngati mchenga woperedwa kwambiri. Musatenge maola a m'bokosi n'kuwasandutsa zaka za chigwa chakutichakuti.

Mphunzitsi wa jogalafe:
N'zoona. Komabe bokosi limathandiza kuyesa zimene kompyuta imanena. M'chaka cha 2000, Hasbargen ndi Paola a ku University of Minnesota anapeza kuti ngakhale kukokoloka kwa dothi kutafanana ndi kukwera kwa nthaka (kutukuka kwa pansi kumene kumaumba mapiri), zitunda zolekanitsa zigwa zinapitirizabe kusuntha, mtsinje wina n'kumalanda madzi a unzake, pomwe masamu ambiri a pakompyuta panthawiyo ankaonetsa kuti zonse zimakhazikika.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Za zitundazo zandigwira mtima. Kodi mvula ikamagwa yambiri mbali imodzi, chitunda chimasunthira kuti?

Wofufuza za madzi:
Chimasunthira kumbali youma, chifukwa mitsinje ya mbali yamvula imakumba mofulumira. Katswiri wina, Stéphane Bonnet, anaonetsa zimenezi m'labotale mu 2009.